Pini Yoyamba Ili Kuti?

Mlamu wanga, mkulu wake wa malemu amuna anga, anali ndi ngongole kwa ine, ndipo sinali ya ndalama. Atadwala sitiroko ndinamudyetsa ndi supuni miyezi inayi, iye n'kumati, "Mlamu, tsiku lina mudzandifuna." Tsikulo linafika Lachinayi m'mawa.

Mwana wanga wamkazi, amene amatidyetsa tonse pakhomo pano, anaimba foni akulira. Amagwira ntchito yoyesa zipangizo zamagetsi. Kuntchitoko kuli kabokosi kokhala ndi mizere yopingasa ndi yotsika, ndipo pamene mizere yakumana pali kaswichi kolumikiza makina oyesera ndi chinthu choyesedwacho. Iye anawotcherera mawaya makumi asanu kumapini a pulagi ya kabokosiko, koma akayatsa kaswichi aka, magetsi akutulukira kwina. Bwana wake anati ikakwana 12 koloko zisanatheke, anyamule chikwama.

Mlamu anagwira ntchito pa makina oterowo zaka makumi atatu. Ndinamupeza pakhonde akusenda lalanje.

"Dzukani, tipite."

"Ndi mwendo uwu? Ndikafika mawa."

"Pakamwa sipanapuwale. Nayi foni."

Anapukuta manja pang'onopang'ono, ine ndikumuimbira mwanayo.

"Iwe mwana, pepala la mapini uli nalo?"

"Ndili nalo, bambo aakulu. Ndawerenga kasanu. Pini yoyamba ili kumanzere."

"Kumanzere ukuyang'anira mbali iti? Pepalalo lajambula pulagi kumaso, kolowetsa. Iwe powotcherera unaitembenuza. Kumbuyoko pini yoyamba ili kumanja. Yang'anitsitsa papulasitikipo, pali timanambala."

 Kenako ndinamva mwanayo akukuwa, "Mayo ine! Ndasemphanitsa onse! Sindimaliza, kwatsala ola limodzi!"

Ndinalanda foni. "Ukalira kunyumba. Gwira waya!"

Mlamu anailandanso. "Usamasule onse. Konza mzere umodzi wokha, upime ndi mita yoyezera magetsi pini ndi pini, ikalira bwino ukaitane bwana aone ndi maso ake."

Ndinayendayenda pakhondepo mpaka mlamu anati ndimuthera simenti. Ola la 12 linakwana, foni ili chete. Ndinaimba, sanayankhe. Ndinaimbanso, chimodzimodzi.

Kachitatu anayankha monong'ona. "Amayi, mzere woyamba wagwira. Bwana wati ndimalize ena onse lero, ntchito ndipitirize."

Ndinakhala pansi, mlamu n'kutenganso foniyo kuti adzimvere yekha.

"Ndiye tathana, mlamu?" anandifunsa.

"Tathana. Bweretsani foni yanga, mwandithera mayunitsi."