Sipanala Ayesa Mapiritsi

A Sipanala anali atagona pansi pa minibasi, miyendo yokha ikuonekera, pamene akazi awo analowa m'galaja atanyamula mabotolo atatu a mapiritsi. Dzina la Sipanalali anawapatsa ndi madalaivala, moti ngakhale anamwino kuchipatala ankawaitana choncho.

"Bambo a ana, tatulukani kaye."

"Nenani, mayi, makutu ali pompano."

"Botolo ili latsika. Awiriwa ngodzaza ngati mwalandira lero. Zatheka bwanji?"

Bamboyo anatuluka akudzikhwekhwereza pa katoni, n'kupukuta manja uku akumwetulira. Manyazi analibe ngakhale pang'ono.

Khansa ya m'magazi inawagwira chaka chathachi. Mankhwala oyamba anathandiza miyezi ingapo, kenako matenda anawazolowera n'kubwereranso. Ndiye adokotala anawapatsa mapiritsi amitundu itatu oti azigwira ntchito limodzi, ndipo ananena mosabisa kuti njira zotsala sizinali zambiri. Koma munthu akakalambira pa ntchito imodzi, dziko lonse amaliona ngati ntchito yakeyo.

"Tamverani," anatero a Sipanala. "Galimoto ikamavuta, susintha mapulagi, pampu ndi batire tsiku limodzi. Ikalira, udziwa bwanji chimene chimavuta? Umasintha chimodzi, n'kuyesa. Ndayamba ndi oyerawa. Akakanika, ndilowa ku achikasu."

"Mukuyesa? Pa thupi lanu?"

"Nanga ndiyese pa la ndani?"

"Chala chimodzi sichiswa nsabwe, bambo."

"Nsabwe zikhala pati? Mankhwala oyamba aja anandimeta mpala waulere."

Masiku ena mayiwo akanaseka. Tsiku limenelo anakhala pa tayala lakutha, mabotolo ali pamiyendo, atakwiya.

"Tinali limodzi kwa adokotala. Anati matendawa ngochenjera. Mankhwala akabwera amtundu umodzi, amawaphunzira ngati mmene anachitira ndi oyamba aja. N'chifukwa chake anakupatsani atatu, kuti akazemba awa, agwidwe ndi awo. Inu ndiye mukuwaonetsa amodziamodzi kuti awadziwe bwino! Mukadzamaliza kuyesa kwanuko, tidzapita kukapempha chiyani?"

A Sipanala anayang'ana pansi. Zoona, mawu amenewo adokotala ananena, koma tsiku limenelo iwo ankangogwedeza mutu, maganizo ali pa giyabokosi ya munthu.

"Komabe," anatero motsitsa mawu, "ndikachira, ndidziwa bwanji amene andichiritsa?"

"Inu mukufuna kudziwa. Ine ndikufuna mwamuna. Mudzafunse adokotala mutachira, mukusewera ndi adzukulu."

Apa mantha anawagwira kwa nthawi yoyamba chibwerereni matenda. Sanali mantha a imfa okha ayi, koma oti angadziphe ndi nzeru zawo zomwe, zimene zinalera ana onse m'nyumbamo.

"Bweretsani, ndimwe onse pompano."

"Mwayambanso! Safunsa anadya phula. Tiyeni adokotala akanene okha poyambira. Si inu mumakalipira anthu amene amagwiragwira injini kunyumba, n'kudzanama kuno kuti yangozima yokha?"

Dalaivala wa minibasi ija, amene ankasuzumira pageti, analowerera. "Bwana, nanga yangayi? Mumati ituluka lero."

"Yako idikira, achimwene. Pali ina yofunika sevisi mwachangu."

Anavula ovololo, natseka galaja dzuwa lili pamutu, chinthu chimene oyandikana nawo anali asanachionepo.

Kuchipatala anadikira pabenchi mpaka dzina lawo litaitanidwa. Adokotala, mayi wamagalasi wosachedwa kuseka, anawalozera mpando.

"A Sipanala! Tsiku lanu silinakwane. Mankhwala mukumwa bwino?"

Bodza linafika pamlomo, lokonzakonza: eya, bwinobwino. Akazi awo anangowayang'ana. Bamboyo anaika zigongono pamaondo.

"Adokotala, ndisakunamizeni. Injiniyi ndimaigwiragwira ndekha."

Anafotokoza zonse, osasiyako. Adokotala anamvetsera osaseka, kenako anaitana namwino kuti adzatenge magazi.

"Mwataya nthawi, ndipo sindikubisirani, zatibweza m'mbuyo. Koma mwabwera khomo lisanatsekeke. Magaziwa atiuza pamene tili, ndiye tiyambiranso, onse atatu monga ndinanenera. Akakuvutani m'thupi, mubwere mudzandiuze. Musasinthe nokha."

"Ndamva."

"Ulendo uja munateronso."

A Sipanala anapinda mkono wa shati mpaka pachigongono, natambasulira dzanja lawo lakuda ndi girisi kwa namwino.

"Ulendo uja ndinabwera ngati makaniko, adokotala. Lero ndabwera ngati galimoto."