Tepi Yopanda Dzina

Akaweruka kusukulu, Renee ankathamangira kunyumba kuti asaphonye pulogalamu ya nyimbo zakale za roko pa TV. Azibambo a tsitsi lofika m'mapewa aja, ndi magitala awo olira ngati akupsa, anali atamulowa m'magazi. Tsiku lina nyimbo yapamtima pake itayamba, anangotola tepi yopanda dzina pashelefu, n'kuiponya m'makina, n'kujambula.

Lamlungu, chaka chitakwana chimwalirire bambo ake, mayi ake anaika tepi yomweyo. Ankafuna kuona amuna awo akuwotcha nyama kuseri kwa nyumba yawo ku Toledo, kanema yekhayo amene anatsala naye. M'malo mwake munatuluka munthu wosavala malaya, akukuwa.

"Wajambula ndani zimenezi?" anafunsa mayiwo motsitsa mawu.

Renee anayankha: "Ndine, amayi. Inalibe dzina."

"Ndikanalembapo chiyani, mwanawe? Ine ndinkaidziwa."

Anaonerabe mpaka nyimbo inatha. Chithunzi chinaphethira, ndipo bambo ake a Renee anaonekera atagwira foloko, utsi uli tolo, akuseka.

"Basi, zimitsa," anatero bambowo kwa amene ankawajambula. Tepi inathera pomwepo.