Uvuni wa Bambo Yosiya

Bambo Yosiya anachoka ku Dedza ali mnyamata, nagwira ntchito yophika m'nyumba za azungu ku Salisbury mpaka imvi zinayamba kutuluka. Atatopa ndi kutumidwa, anamanga uvuni wa njerwa kuseri kwa nyumba imene ankakhala ku lokesheni ya Highfield. Akazi awo, mayi Febbie, ankakanda ufa, iwo n'kumaphika. Buledi wawo ankatha m'magolosale a m'lokesheni asanazizire n'komwe.

Nkhondo yomenyera ufulu wa dzikolo itakula kumidzi, kampani ina yaikulu ya buledi ya ku Southerton inameza ophika ang'onoang'ono a m'tauni mmodzimmodzi, kenako inayamba kutumiza malole ake m'lokesheni.

Tsiku lina m'mawa a Fabian, eni golosale amene ankatenga buledi wambiri kuposa onse, anakana kulandira dengu la buledi wa a Yosiya.

"Bambo, mundikhululukire," anatero a Fabian akuyang'ana pansi. "A kampani akuti ndikaika buledi wanu pashelefu, lole yawo sidzaimanso pano. Nanga uvuni wanu ungadyetse onse amene amagula kuno?"

Eni magolosale ena anayankha chimodzimodzi. A Yosiya anavala jekete lawo labwino n'kupita ku ofesi yoona za malonda kukadandaula. Mzungu wa kumeneko anawapatsa mpando, nawamvetsera mpaka kumapeto.

"Kampani ili ndi ufulu wosankha woti imugulitse," iye anatero kudzera mwa womasulira. "Koma inuyo, chilolezo chophikira buledi muli nacho?"

Analibe. Chilolezocho chinkafuna chipinda chapadera cha matailosi ndi mpope wa madzi, pomwe nyumba ya m'lokesheni sinali yawo ndipo sakanaloledwa kuwonjezerapo ngakhale khoma. Sabata isanathe apolisi anafika ndi nyundo n'kugumula uvuni, mayi Febbie ataima pakhomo, ufa uli m'manja. A Yosiya ankadziwa kuti nambala ya nyumba anaitchula ndi pakamwa pawo ku ofesi kuja.

Zobwerera kumudzi panalibe, poti makolo anatha kalekale ndipo munda anagawana ena. Choncho anakapempha ntchito ku kampani yomweyo. Anawalemba yosesa, chifukwa makina sankafuna manja a wophika.

Pasanapite nthawi buledi anakwera mtengo, ndipo kunalibenso kwina kokagula. Mayi Febbie anayamba kugulitsa tomato m'mbali mwa msewu, n'kumathawa apolisi akatulukira. A Yosiya anagwira tsache mpaka nkhondo inatha, fumbi la ufa litawalowa m'chifuwa.