Kamera Yosagona

Kamera ija anagula ndi achimwene, ndipo monga mwa khalidwe lawo anasankha yodula kuti tonse tidziwe amene wagula. Inali yoyera, yopanda mawaya, yaing'ono ngati chibakera. Pakatoni analemba kuti ukaitchaja kamodzi imatha miyezi. Tinaikhomera pamwamba pa khonde la bambo, moyang'ana kanjira kopita kugeti.

Bambo anali atadwala sitiroko. Mwendo ndi mkono wakumanja zinafooka, pakamwa panapindika, ndipo mmisiri amene anamanga nyumba zambirimbiri ndi manja ake anakhala wa pachikuku. Achimwene ankafuna kuwatengera kwawo, m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni pamene munthu wa pachikuku amangoonera dziko pawindo. Bambo anakana kwamtuwagalu. Titakokanakokana, tinagwirizana kuti akhale pawo, mayi wowasamalira azibwera m'mawa ndi madzulo, masana iziwayang'anira ndi kamera.

"Koma ikangolephera, mlongo, ndidzawatenga," anatero achimwene. Iwo sanena kawiri.

Sabata isanathe, kamera yatha moto. Ndinakwera makwerero, kuitsitsa, kuitchaja, kuibwezera. Patangopita masiku ochepa, yathanso. Ndinasintha tchaja. Wina anati netiweki ikafooka kamera imadya moto poifunafuna, ndiye ndinasunthira kabokosi ka intaneti pawindo. Ndinadula nthambi ya mtengo imene inkagwedezeka pafupi nayo. Ndinafika pokangana ndi aneba chifukwa cha mphaka wawo, mphaka wosalakwa, ndipo mpaka lero moni wawo ndi wa pamphuno.

Ine ndimagulitsa m'sitolo ya mankhwala. Mauthenga a kamera ndinawazimitsa tsiku loyamba lomwe, chifukwa foni inkangolira m'thumba ngati ndabisamo mwanapiye, abwana n'kumandiyang'ana. Ndinkangoitsegula pa nthawi yopuma masana, nthawi imene bambo ankaidziwa bwino, ndipo tsiku lililonse ndinkaona zomwezo: bambo ali phee pachikuku, wailesi pamwendo. Mtima unkakhala pansi.

Lachinayi lina achimwene anaimba. Nawonso amaiona kamerayo pafoni yawo, koma madzulo okha akaweruka. "Yazimanso. Loweruka ndikubwera ndi galimoto, ulongedzeretu zovala zawo."

Mawa lake ndinapempha kuweruka msanga, ndinakazula kamera ija n'kupita nayo kwa amene anatithandiza kuikhomera. Timawatcha a Mawaya, ngakhale masiku ano amadyera zinthu zopanda mawaya. Kashopu kawo n'kothina, patebulo pali mafoni otsegulidwa mimba, fungo la mtovu wosungunuka lili guu. Anayeza batire ndi kamakina kawo n'kupukusa mutu.

"Batire ndi labwinobwino, mayi. Kamera zoterezi ndi zaulesi mwachibadwa. Zimagona. Chinthu chikadutsa zimadzuka, zijambule, zigonenso. Yanuyi sikugona. Alipo akuidzutsa."

"Ndani? Mphaka ndathamangitsa, nthambi ndadula."

"Tiyeni tiifunse yokha."

Anatulutsa kakhadi kamene kamasunga zojambulidwa n'kukalowetsa mu laputopu. Timavidiyo tinadzaza sikirini yonse, mazanamazana. A Mawaya anaimba likhweru natsegula koyambirira.

Mayi wosamalira uja akutseka geti. Bambo adikira pang'ono. Kenako aika wailesi pansi, amanga mabuleki a chikuku, agwira nsanamira ya khonde ndi dzanja lamanzere. Ndinaona mitsempha ya m'khosi ikutuluka. Thupi lija, limene ine ndi achimwene tinkalinyamula awiri, linadzuka lokha pang'onopang'ono mpaka linaima chilili.

Ndinagwira pakamwa.

Kavidiyo kotsatira, agwa. Agona chagada pasimenti, osakuwa, akungoyang'ana kumwamba. Kenako akwawa mpaka pansanamira paja, ayambiranso. Tinatsegula kena, kenanso kena. Tsiku lina phazi lofooka lija linakhwekhwerezeka n'kuponda patsogolo. Tsiku lina anatsika pakhonde n'kugwira mpanda, mpanda umene anamanga okha ine ndili mwana, ndipo zala zawo zinkapeza mizere ya njerwa osayang'ana n'komwe. Uku ndi uku, uku ndi uku, thukuta lili kamukamu, kamera ikudzuka ulendo uliwonse. Nthawi yanga yopuma ikayandikira ankabwerera pachikuku, kusasa fumbi pathalauza, kunyamula wailesi, n'kukhala phee ngati munthu wosadziwa kanthu. Madala achinyengo inu! Ndinaseka misozi ikutsika.

M'timavidiyo tomalizira anali akufika pageti. Ankaligwira, kupuma, n'kutembenuka.

A Mawaya anavula magalasi awo. "Ine m'makameramu ndaona akuba, ndaona agalu, ndaona amuna a eni ake akulowa molakwika," anatero motsitsa mawu. "Izi sindinazionepo."

Anati mankhwala ake ndi osavuta: akhoza kuiuza kamera kuti isamadzukire za m'kanjirako, kapena kuiikira pamwamba kasola koitchaja ndi dzuwa. Ndinati aike kasola. Koma potuluka mantha anandigwira. Mavidiyo omwewo amene anandisangalatsa ankaonetsanso bambo akugwa okhaokha pasimenti. Achimwene akanangoona kugwako, nkhani ikanathera pomwepo.

Ndinawapeza bambo pakhonde, wailesi pamwendo. Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo.

"Bambo, ndaona zonse."

Sanadabwe. Anangoyang'ana pamene pankakhala kamera paja. "Kazitape," anatero. Mawu awo amatuluka molemera masiku ano, koma amamveka.

"Bwanji osatiuza?"

"Ndikangogwedezeka, nonse khalani pansi, khalani pansi. Mpanda sunena khalani pansi."

"Nanga mukagwa?"

"Ndagwa kale, mwanawe. Pansi ndikupadziwa."

Ndinawauza kuti achimwene akubwera mawa kudzawatenga, ndipo sindikudziwa choti ndikawaonetse ndi choti ndibise.

"Usamuonetse kanthu. Mawa ukhome geti, kiyi undipatse ine."

Loweruka dzuwa litakwera, hutala ya galimoto ya achimwene inalira kunja. Ndinaima pakhonde manja nditawapingasa kumbuyo, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikawamasula athamangira kukagwira bambo. Bambo anaika kiyi m'thumba la malaya, anamanga mabuleki, anagwira nsanamira. Kuonera pasikirini ndi kwina. Apa ndinkamva kupuma kwawo, ndinkamva phazi likukhwekhwereza pasimenti, ndipo ndinachita mantha ndi ulemu ngati ndaima pamalo opatulika.

Hutala inaliranso. Kenako chitseko cha galimoto, kenako kugogoda. "Mlongo! Kodi mwagona?" Ndinaona diso la achimwene pampata wa geti. Kugogoda kunasiya.

Pakati pa njira bondo linagwedera, bambo anatsamira mpanda. Anaima pamenepo mutu uli pansi. Kenako phazi linasuntha.

Kiyi inawavuta kulowetsa ndi dzanja lamanzere, koma inalowa. Geti linatseguka. Achimwene, munthu wosasowa mawu chibadwire, anali chilili kukamwa kuli yasa, misozi ikugwera pamalaya ositidwa bwino.

Bambo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akupumira m'mwamba.

"Eya, mwana wanga," anatero. "Wabwera kudzatenga ndani?"