Pamene a Laurenti Amaima

Inali 3 koloko masana Loweruka, ndipo mvula ya mu Febuluwale inali itangokata. Phiri la Michiru linali likadali m'mitambo. M'tchalitchi cha pamtunda ku Chilomoni munatsala anthu atatu: Jonas, mkulu wa gulu la owerenga mawu pa Misa; Anjelina, telala wa pakhonde kumsika, amene amayenera kuwerenga mawa lake; ndi a Laurenti, katekisiti wokalamba, amene anakhala pa benchi lakutsogolo ambulera ili pakati pa miyendo.

Anjelina anayamba bwino kuyeserera kuwerengako. Anali mawu a m'nyengo ya Lenti, nkhani ya Abrahamu atauzidwa kuti atenge mwana wake mmodzi yekhayo akamupereke nsembe kuphiri. Atafika pa chiganizo chimenecho anasiya, natseka buku.

"Pezani wina, a Jonas. Ine sindiwerenga."

"Aa, mayi, mawa lomweli? Paja inu ngakhale magetsi athime, a kumbuyo amakumvani popanda maikolofoni. Mawu athawira kuti?"

"Mawu alipo. Koma kumapeto ndiyenera kunena kuti awa ndi mawu a Mulungu, anthu n'kuthokoza. Ndinena bwanji pa chinthu chimene sindikuchimvetsa? Kuli bwino mungondichotsa m'gulu."

Jonas anadziwa chimene chimavuta. Samuel, mwana yekhayo wa Anjelina, anamwalira ndi malungo chaka chathacho ali mu Sitandade 5. Kuchokera pamenepo mayiyu anasiya kwaya, anasiyanso kupita kumapemphero a kumphakati. Kuwerengaku n'kokha kumene kunatsala kukumubweretsa m'tchalitchi.

Jonas anatsegula Baibulo lake lalikulu la Chingerezi, lija lokhala ndi ndemanga m'munsi mwa tsamba lililonse.

"Apa m'posavuta, mayi. Anali mayeso chabe. Taonani, mwanayo sanafe ayi. Panapezeka nkhosa."

"Kwa Abrahamu inapezeka," anatero Anjelina. "Kuchipatala kuja ine sindinaione."

Jonas anayang'ana ndemanga zake kanthawi, natseka bukulo. Ananena kuti akukaona ngati mawindo akumbuyo ali otseka, natuluka.

A Laurenti ankadziwika ndi zinthu ziwiri. Choyamba, analimaliza Baibulo kuyambira koyamba mpaka kumapeto kangapo konse, moti lawolo linali lomatamata ndi tepi. Chachiwiri chinali kawerengedwe kawo. Amati akuwerenga, mwadzidzidzi n'kuima pakati pa nkhani, tchalitchi chonse zii, kenako n'kupitiriza. Achinyamata ankatengera zimenezi, ndipo Jonas pophunzitsa owerenga atsopano ankati, "Muzipumira ngati a Laurenti."

"Amake Samuel," anaitana mkuluyo.

Anjelina anatembenuka. Anthu anali atasiya kumuitana choncho poopa kumuliza.

"Aphunzitsi, inu bukuli mwalimaliza. Tandiuzani. N'chifukwa chiyani Mulungu anapempha mwana?"

"Sindikudziwa."

"Musandinyengerere, ine si mwana."

"Sindikukunyengererani. Munandimvapo ndikuwerenga nkhani imeneyi?"

"Ndinakumvani."

"Ndimaima pati?"

Anjelina anaganiza. "Pomwe ndaima inepa."

"Eya. Anyamatawa amati ndi sitayilo. Bambo mfumu wina ankati ndi chifuwa, mpaka anandibweretsera mankhwala a m'botolo. Ndinamwa, anali okoma. Koma ine ndimaima pamene sindinamvetse. Ndili mnyamata sindinkaimaima, chifukwa nthawi imeneyo ndinkamvetsa zonse. Pano ndine ndimatalikitsa Misa."

Anjelina anatsala pang'ono kuseka. "Ndiye mumanena bwanji kuti ndi mawu a Mulungu?"

"Akanakhala anga, bwenzi ndikuwamvetsa onse. Kwathu ku Nsanje mayi ankandituma kwa amalume ndi uthenga woti mutu wake sindinkaudziwa. Ndinkaufikitsa ndithu. Apanso n'chimodzimodzi. Pamene pandilemera ndimatula pansi pang'ono, mwini wake aone kuti apa pandilemera, kenako ndimasenzanso."

Kunja madzi anali kudontha kuchokera pamalata. A Laurenti anadzuka motsamira ambulera yawo.

"Sindikukukakamizani. Mukakana ndiwerenga ndine. Kungoti m'tchalitchi muno amayi amene anaika ana m'manda ndi ambiri. Ine ndikaima amati chifuwa. Mukaima inu, adziwa."

Anjelina ananyamuka kuti azipita. Koma buku lija sanalisiye pa benchi, analikulunga m'chitenje napita nalo kunyumba.

Lamulungu kunacha kopanda mvula. Pa Misa yoyamba anthu anadzaza mpaka pakhomo. Itakwana nthawi ya mawu oyamba, Jonas anacheuka kufuna kuona ngati mayiyu wabwera. Anali atanyamuka kale.

Anawerenga momveka monga mwa masiku onse. Atafika pa mwana mmodzi yekhayo anaima.

Poyamba anthu anangoti ndi kapumidwe kaja. Koma kuimako kunatalika, kuposa kwa a Laurenti. Kumbuyo khanda linalira, mayi ake nalitonthoza. Jonas anayamba kudzuka kuti akalandire buku, koma a Laurenti anamuika dzanja pabondo, ndipo anakhalanso pansi. Kumbali ya amayi, wina anaweramitsa mutu, wina wa pambali pake chimodzimodzi. Panalibe amene anatsokomola.

Kenako Anjelina anapitiriza. Anawerenga za nkhuni, za mpeni, za nkhosa ija, osalumpha liwu ndi limodzi lomwe. Pomaliza anakweza maso.

"Awa ndi mawu a Mulungu."

Anthu anayankha, ndipo kumbali ya amayi yankholo linamveka kwambiri.

Panja Misa itatha, Jonas anapita kwa Anjelina uku akudzipukuta thukuta pamphumi.

"Mayi inu, mukanandipha! Mwawaposa mpaka eni ake a sitayilo. Nanga pa Pasaka ndikuikeni?"

"Ndiikeni."

A Laurenti anadutsa ndi ambulera yawo, ngakhale kunja kunali dzuwa.

"Mwamvetsa tsopano, amake Samuel?"

"Ayi, aphunzitsi."

"Inenso ayi. Koma mwafikitsa."

Lolemba m'mawa Anjelina anatulutsa makina ake pakhonde paja. Hajara, wogulitsa zitumbuwa pambali pake, anamupatsa kabudula wa sukulu wa mwana wake, wong'ambika kumbuyo konse chifukwa chotsetsereka pamatope. Anjelina anamutembenuza, nafunafuna ulusi wofanana naye m'chitini. Atausowa, anatenga woyandikirako, naulowetsa m'singano, nayamba kupalasa.