Chuku cha m'Nazale ya a Sosten

Makungwa a mitengo yodwala anafika ku labu ya ku Indianapolis Lachiwiri, atakulungidwa m'pulasitiki. Magdalene, amene ntchito yake inali yoyeza matenda a zomera, anazindikira kalembedwe ka pa envulopu asanawerenge dzina. Anatumiza ndi amalume ake, a Sosten, a ku South Bend.

A Sosten ndiwo anamusunga zaka zinayi atabwera kudzaphunzira. Iwo anagwira ntchito yosamalira okalamba mpaka msana unawakana, kenaka anatsegula nazale kunja kwa tauni. Ankafesa mitengo ya alder, imene imakonda m'mbali mwa madzi, ndipo anthu ankaigula kuti igwire dothi m'mphepete mwa mitsinje. Tsopano mitengoyo inkachita mawanga akuda patsinde ngati yadonthezedwa phula, masamba n'kumatuluka ang'onoang'ono, achikasu.

Magdalene anayeza kawiri. Kachitatu anapatsa mnzake osamuuza kuti n'za yani. Zotsatira sizinasinthe. Chinali chuku cha m'madzi, chodya mizu ndi makungwa, koma chachilendo: mitundu iwiri inakumana n'kubala wachitatu, wolusa kuposa makolo ake.

Loweruka m'mawa anapita yekha ku South Bend. Anawapeza amalume atavala majombo, akuthirira.

"Tsekani madziwo, amalume," anatero asanawapatse moni bwinobwino.

A Sosten anatseka mpopi. "Ndiye zaipa. Mankhwala ake ndi ati?"

"Kulibe. Mbande munazitenga kuti?"

"Zina kuno, zina ndinaoda kutali chaka chatha. Zinali zobiriwira bwinobwino."

"Ndipo zonse mumathirira madzi a m'damu lomweli?"

A Sosten anagwedeza mutu kuvomera. Magdalene anayang'ana damulo. Madzi othirira ankayenderera m'miphika n'kubwerera momwemo, ndipo mvula ikagwa damu linkasefukira mu kamtsinje ka kumunsi. Anawafotokozera kuti chukucho chimasambira, kuti mitundu iwiriyo iyenera kuti inakumana m'madzi awo omwewo, ndipo nazale yonse iyenera kuotchedwa.

"Mwana wanga, ripoti lako lopita ku bomalo uligwire kaye," anatero a Sosten motsitsa mawu. "Ndizule yodwalayi ndekha, ndione ngati yotsalayo ingapulumuke. Miyezi iwiri yokha."

"Ndinalitumiza kale dzulo."

A Sosten anamuyang'ana. Magdalene ankayembekeza kuti amukumbutsa za chipinda chimene iwo analanda ana awo n'kumupatsa iye, koma sanatero. Anangoti, "Tiye."

Anatsetsereka naye ku kamtsinje. Kumeneko kunali ma alder omera okha, akale kuposa nazaleyo. Umodzi unali utauma kale nthambi za kumwamba. A Sosten anaukanda ndi mpeni patsinde, ndipo pansi pa khungwa panaoneka pofiira moderapo, ponyowa, ponunkha ngati mowa wosasa.

"Ndinauona mwezi wa June," anatero. "Ndinadziuza kuti ndi chilala. Ndinagulitsanso mitengo mazana awiri nditauona kale."

Magdalene anatulutsa timatumba take n'kuyamba kusenda makungwa, amalume atamugwirira chikwama.

Patatha masabata atatu anabwera anthu a boma ndi makina. Anazula zonse, kuotcha, n'kukwirira damu. Magdalene sanaloledwe kukhalapo chifukwa cha chibale. Anamva kwa azakhali ake, a Ida, kuti amalume anathandiza kunyamula miphika mpaka womaliza, ndipo anatchula okha malo onse kumene mitengo yawo inakadzalidwa.

"Akufunsa za ine?"

"Sakuyankhula zambiri masiku ano," anayankha a Ida. "Abwerera ku ntchito ya okalamba, msana womwewo."

Chaka chotsatira, chipale chofewa chitasungunuka, labu inatuma Magdalene kukayendera kamtsinje kaja. Anayenda makilomita asanu ndi limodzi kutsata madzi, akupaka penti yofiira pa mtengo uliwonse wodwala. Penti inamuthera asanafike pa mlatho wachiwiri. Anakhala pa mwala, kutsuka majombo ndi mankhwala, n'kuimbira ku ofesi kuti mawa amutumizire anthu ena awiri.