Dzimbiri la a Silvesta

A Silvesta anali mkamwini, ndipo aliyense wa kuno ku Chiradzulu amadziwa kuti mkamwini mkazi wake akamwalira amakhala pamudzi mongopemphetsa. Nyumba ya njerwa zowotcha ija anamanga okha, malata anagula okha, mapeyala ozungulira bwalo anadzala okha, koma nthaka imene zonsezi zinaimapo inali yakuchikazi. Akazi awo, mayi Josephine, atamwalira, mchimwene wa malemuwo, a Lameck, amene anali mwini mbumba, sanawasudzule a Silvesta. Anangoti, "Khalani alamu, muziyang'anira mwanayu." Mwanayo ndi Maluwa, mayi wa ana akeake, amene ankagulitsa tomato pamsika wa Namadzi ndipo sankasowa womuyang'anira. Onse ankadziwa kuti nkhalambayo ikukhalira mawu a munthu mmodzi, ndi kuti mawuwo akhoza kubwezedwa tsiku lililonse.

Ali mnyamata, a Silvesta anagwirapo ntchito yopenta nyumba ku Joni, m'tauni ina ya m'mphepete mwa nyanja yamchere. Tsiku lina ali pamakwerero anaona chinthu chakuda, chachitali, chikulowa padoko mwakachetechete, madzi akuyenderera m'nthiti mwake. Anzawo anawauza kuti imeneyo ndi sabumarini, sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi. Chimene chinawagwira mtima si kukula kwake ayi, koma khungu lake: dzimbiri lotsika m'mizere kuchokera m'timabowo, penti wosupuka, mchere woyera woumira pamene madzi ankalekeza. Munthu amene ankalipidwa kuti azibisa zoterezi anaima kukamwa kuli yasa, penti akudonthera pansapato. Mwini nyumba imene ankapentayo anali ndi timasitima totere pashelefu, topanga yekha, ndipo ataona chidwi chawo anawaonetsa momwe amatikalambitsira.

Zaka zinapita, tsitsi linayera, koma sitima ija sinachoke m'mutu. Maliro a mayi Josephine atatha, nyumba itakula ndi chete, a Silvesta anatola paipi yapulasitiki yotsala pokonza mjigo, anakagula fila, phala lija lomatira magalimoto ophwanyika, ku Limbe, nadula malata a zitini. Anaumba, kupala, kuumbanso, mpaka inatuluka sitima yotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, ya kansanja pamsana ndi zipsepse kumchira. Kumangako sikunawavute kwenikweni. Ntchito imene ankaiyembekezera ndi mtima wonse inali yoikalambitsa, kuti woiona aziti chinthuchi chadya zaka pansi pa nyanja.

Dzimbiri ankalipanga okha, pomiza waya wotsukira mapoto mu viniga mpaka madzi a m'botolo atafiira. Mwaye ankapala pa koloboyi. Maburashi a m'sitolo anali okhakhala kwambiri, ndiye anameta ubweya wakumchira kwa mbuzi n'kuumangirira kukamtengo. Timilongoti ta pakansanja tinali singano. Pofuna kuti penti aoneke wosupuka, ankayamba kupaka mtundu wa dzimbiri, n'kuwaza timadzi, n'kuwaza mchere, kenako penti wakuda pamwamba. Zikauma ankatsuka mcherewo, ndipo pamene panali mchere pankatsala zipsera zofiira.

Tsono taikani nokha zinthuzi patebulo limodzi: mchere, mwaye, singano, ubweya wa mbuzi ndi botolo la madzi ofiira, m'nyumba ya nkhalamba yoferedwa. Kwathu kuno zimenezo sitizitcha ntchito yamanja.

Amene anazipeza anali a Chrissy, akazi awo a Lameck, atabwera kudzabwereka sefa. Anaodira kamodzi n'kulowa, monga amachitira anthu amene amati nyumba iliyonse ya pamudzi ndi yawo. Anapeza a Silvesta atawerama, akuwaza mchere pa chinthu chakuda chonga kabokosi ka maliro, milomo ikugwedera poti ankang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi.

"Alamu, n'chiyani chimenechi?"

"Sitimatu iyi, alamu. Yoyenda pansi pa madzi. Tabwerani pafupi muone."

"Madzi ake ati kuno? Nanga mcherewo?"

"Kuti ikalambe."

A Chrissy anabwerera chambuyo mpaka pakhonde, ndipo sefa anaiwala. Sabata yomweyo ng'ombe yamkaka ya a Lameck, imene anaitenga ku Mikolongwe ndipo ankaisamala kuposa ana awo, inapoloza. Alangizi a ziweto anabwera, anaiyeza, nati ndi matenda a nkhupakupa. Koma nkhupakupa sizikoma kukamba pamjigo. Pofika Lachinayi sitima ija inali itasanduka ndege, inali itaoneka ikuuluka pamwamba pa khola, ndipo mayi wina analumbira kuti anamva ikulira ngati njinga yamoto. Anthu omwewo amene Lamulungu amakhala kutsogolo m'tchalitchi ndi amene ankathamanga nayo nkhaniyi.

A Lameck sanali munthu woipa mtima. Anali munthu woopa anthu, ndipo zimenezo nthawi zina zimapweteka kuposa nkhanza. Anabwera masana, anakana mpando, nalankhula atayang'ana mapeyala.

"Alamu, ine sindikunena kuti munalodza ng'ombe. Koma mbumba ikudandaula. Lamulungu tikamaliza mapemphero a limana, mubwere nacho chinthucho, tichiwotche pamaso pa onse, nkhani ithere pomwepo."

"Ndikapanda kubwera nacho?"

"Musandivutitse alamu. Kwanu ku Milepa kulipo."

Mawuwa anawalasa a Silvesta. Ku Milepa anachokako asanamere ndevu. Kunatsala mlongo wawo wokalamba ndi kanyumba kaudzu kosungiramo chimanga. Moyo wawo wonse unali pano, ndipo manda a mkazi wawo anali kuseri kwa nsungwi, pamalo poti akaima pakhonde ankawaona. Anachita mantha, ndipo sanadzinamize kuti sakuopa.

M'mawa mwake anatulutsa tebulo n'kuliika pabwalo, pambali penipeni pa njira yopita kumjigo. Anayala mabotolo awo onse padzuwa. Anati ngati vuto ndi lakuti ankagwirira m'nyumba, basi agwirira poyera, aliyense aone ndi maso ake. Mbali yakumanzere ya sitimayo inali itatha, yakumanja inali ikadali yakuda bii. Anaviika kaburashi kawo m'madzi ofiira aja, kudontheza kadontho pansi pa kabowo, n'kukakokera pansi pang'onopang'ono ndi burashi youma mpaka katazimiririka. Mzere ukakhota ankaupukuta n'kuyambiranso, chifukwa madzi satsika mokhota.

"Tabwerani mudzaone!" ankaitana amayi odutsa. "Ndi viniga chabe uyu, nunkhizani!"

Palibe anabwera. Amayi anatsegula njira ina yodutsa m'munda wa nandolo, zidebe zili pamutu, makosi atapotokera kwina. Madzulo nkhani inali yakuti mkuluyo wafika pochita zake dzuwa likuswa mtengo, manyazi alibe.

Loweruka Maluwa anabwera kuchokera ku Namadzi ndi dengu la tomato losatha ndi theka lomwe. Analiika pansi mwamphamvu, nagwada pafupi ndi tebulo.

"Ababa, pamsika anzanga asuntha mabenchi awo. Akuti tomato wanga ngofiira kwambiri. Mukumva? Ngofiira kwambiri! Chonde, ndi paipi chabe iyi. Iwotcheni, mudzapanga ina zikazizira."

"Ina ndidzapangira kuti, mayi? Kubisala m'chimbudzi?"

"Kapena ipakeni penti wowala, wobiriwira kaya, ngati minibasi. Anthu aone kuti n'chidole. Amalume akhoza kumva zimenezo."

A Silvesta anayang'ana chitini cha penti wobiriwira wotsala popenta mawindo, chimene chinali pakhonde. Anachiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Ntchito yake inali yosatenga ndi ola lomwe.

"Anena kuti ndaibisa," anatero. "Ndipo adzakhala akunena zoona."

"Ndiye musiye nyumba chifukwa cha dzimbiri?"

A Silvesta anatenga mwaye pansonga ya chala n'kuyamba kuupaka kumchira, pamene utsi wa injini umadetsa. Maluwa anadzuka akulira ndi mkwiyo, natenga dengu lake. Bambo ake anamva chisoni chachikulu, pakuti mwanayu sanalakwe chilichonse, koma chala sichinaleke kupaka.

Lamulungu atabwerako ku Misa anakhalanso patebulo. Kunatsala mzere woyera wa mchere, uja wa pamene madzi amalekeza. Anasungunula choko m'timadzi, napaka mopepuka kuzungulira sitima yonse, kenako n'kufufuta ndi kansanza kuti usaoneke ngati wojambula. Atamaliza anabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana. Inali yomweyo, ija anaiona ali pamakwerero, yotopa, yonyowa, yobwera kutali. Anaseka okha pabwalo popanda wowamva.

Limana, kagulu ka mabanja oyandikana kopempherera limodzi, linasonkhana kwa a Lameck masana amenewo. Anawerenga Mawu, anapempherera odwala, anaimba bwino kwambiri. Nyimbo yomaliza isanazizire n'komwe, a Chrissy anali atasonkha kale moto wa zitsononkho pakati pa bwalo. A Silvesta anafika atavala jekete lawo la ku Misa, sitima ili m'manja ngati mwana wopita ku ubatizo. Anthu anafutukuka. Ena anachita chizindikiro cha mtanda, koma maso onse anali pa sitimayo, ndipo panali bambo wina amene anayamba kunena kuti "Koma ndiye yokong..." mkazi wake n'kumugunda ndi chigongono.

"Mwachita bwino alamu," anatero a Lameck, nkhope itamasuka. "Ponyani, tizipita tikadye."

A Silvesta anaima pafupi ndi motowo mpaka kutentha kunawafika m'maondo. Anayang'ana Maluwa, amene anakhala kumbuyo kwa amayi atazolika.

"Alamu, ndifunse kaye. Ndikaponya, anthuwa akanena kuti tawotcha chiyani?"

A Lameck anakanda m'mutu. "Akanena kuti nkhani yatha."

"Iyayi. Akanena kuti a Silvesta avomera, ndege yawo yapsa. Chidole sachiwotcha pamaso pa limana. Chimene mukufuna kuti ndiponye apa si paipi iyi, mukufuna ndinene ndi manja anga kuti ndine mfiti. Tsono ine ndakalamba, ndifa posachedwa. Mawa mwana akatentha thupi m'mudzi muno, mudzapita kwa yani kukafunsa zimene mfiti ija inasiya? Si kwa uyu?" Analoza Maluwa. "Iye ndi wanu, sangathawire ku Milepa. Adzakhala nalo dzinalo pano mpaka adzukulu ake."

A Silvesta anaigwiritsa sitima ija, napitiriza.

"Ine sindinalodze ng'ombe ya munthu. Ichi ndapanga ndi paipi, fila ndi viniga, ndipo ndachipanga bwino. Sindiwotcha."

A Lameck anayang'ana akazi awo, anayang'ana mbumba yawo, kufunafuna nkhope imodzi yowapatsa njira yothawira. Sanaipeze, poti aliyense anali atapeza chochititsa chidwi pa zala zake zakuphazi.

"Ndiye mwadzisudzula nokha, alamu," anatero motsitsa mawu.

"Ndamva."

Lolemba m'mawa kabaza anaima pabwalo. Katundu wa a Silvesta anali chikwama chimodzi cha zovala ndi katoni ya mabotolo, zimene mwini njingayo anazimangirira kutsogolo atayamba wafunsa kawiri ngati madzi ofiirawo satayikira. Mipando, bedi, makasu, zonse zinatsala. A Silvesta anazungulira nyumba yawo, anagwira khoma, anakankha zenera lina limene linkavuta kutseka, kenako anapita kuseri kwa nsungwi ndipo anakhalitsako pang'ono.

Pobwera anapeza Maluwa ataima pafupi ndi njinga, maso atatupa, atanyamula sitima ija m'manja mwake, poyera, amayi a kumjigo akuona. Anadikira bambo ake akhale bwino pachishalo, n'kuwaika sitimayo pamiyendo.

"Ndikadakwiyabe nanu, ababa," anatero.

"Ndikudziwa, mayi."

"Ndibwera Loweruka ndi ufa. Muigwire bwino, msewu wa ku Milepa ngoipa, singanozo zingathyoke."

Njinga inanyamuka, kudutsa mapeyala, kudutsa mjigo, n'kulowa mumsewu wafumbi. Pa bampu iliyonse a Silvesta ankainyamula sitimayo m'mwamba pang'ono kuti isagunde chitsulo. Ankafunitsitsa kucheuka kuti aone denga lawo komaliza, koma kutembenuka pakabaza uli ndi katundu wotere n'kugwa. Misozi inayamba kutsika, kulowa m'ndevu, kudonthera pajekete. Manja onse awiri anali pa sitima, ndipo analibe lina lopukutira.